Dzina la Katundu Wanu Likhale Lanudi: Kalembetsedwe ka Chizindikiro cha Malonda ku Malawi

Ochita malonda ambiri amapachika satifiketi ya dzina la bizinesi pakhoma la shopu n'kukhazika mtima pansi, poganiza kuti dzina lomwe lili pa botolo la chiponde chawo, pa paketi ya ufa wa phala kapena pa chikwangwani cha saluni ndi lawo mpaka kalekale. Ayi ndithu. Satifiketi imeneyo imangosonyeza kuti boma likudziwa zoti bizinesi yakuti ilipo ndipo mwini wake ndi uje. Ndi imene mumapita nayo ku banki kapena ku MRA. Mphamvu yoletsa munthu wina kumata dzina lanu pa katundu wake imachokera ku kalembera wina, wa chizindikiro cha malonda, chomwe maloya amachitchula kuti trademark. Zonse ziwirizi anthu amakachita kwa Registrar General, ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndi zizindikiro, ndipo mwina n'chifukwa chake amazisokoneza, koma mabuku ake ndi osiyana, malamulo ake ndi osiyana, zolipira zake n'zosiyananso.

Chidindo cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, nacho n'china. Chimatsimikizira ogula kuti katundu wanu anapimidwa ndipo akukwanira pa muyezo, osati kuti dzinalo ndi lanu. COSOMA imayang'anira nyimbo, mabuku ndi ntchito zina za luso. Mutha kukhala ndi mapepala onsewa koma mawa lino n'kulandira kalata ya loya yokuuzani kuti musiye dzina lomwe mwalikhetsera thukuta kwa zaka, chifukwa wina anakutsogolerani kukalilembetsa.

Lamulo loyendetsa nkhaniyi ndi Trademarks Act ya 2018, yomwe inayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2018 m'malo mwa lamulo la 1957, la nthawi ya atsamunda. Lamulo lakalelo linkateteza zizindikiro za katundu wogwirika yekha. Lero mwini lesitilanti, sukulu, loji, kampani ya mabasi kapena chipatala nayenso atha kulembetsa dzina lake.

1. Yambani n'kuliyesa dzinalo

Chizindikiro chikhoza kukhala mawu, chithunzi, zilembo, manambala, kapena zonsezi pamodzi. Chofunika n'chakuti chizitha kusiyanitsa katundu wanu ndi wa anzanu. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa, chifukwa mtima umathamangira dzina lofotokoza katunduyo. Wopanga chiponde amafuna "Chiponde Chokoma", wa madzi amafuna "Madzi Oyera", wa mpunga amafuna "Mpunga wa ku Karonga". Mayina oterewa boma silingakupatseni inu nokha, ndipo m'pomveka: mnzanu wa ku Mchinji amene nayenso akupanga chiponde ali ndi ufulu wouza ogula kuti chake n'chokoma. Mawu ongotchula mtundu wa katundu, ubwino wake, kuchuluka kwake kapena dera lomwe wachokera ndi a tonse.

Taonani mayina amene aliyense m'dziko muno amawadziwa. Mawu akuti Nali satchula tsabola paliponse, ndipo Sobo satchula malalanje. N'chifukwa chake munthu akawamva saganizira katundu wa wina aliyense koma wa eni akewo. Dzina lamphamvu ndi lopeka nokha, kapena mawu odziwika oikidwa pa katundu wosagwirizana nawo, monga dzina la mbalame pa sopo kapena la mtengo pa nsapato. Poyamba limaoneka lachilendo ndipo limafuna khama kuti anthu alizolowere, koma likazolowereka palibe angakulandeni ponena kuti ndi mawu wamba.

Pali zinanso zimene zimakanidwa: mbendera ya dziko ndi zizindikiro za boma, mawu otukwana, ndi dzina lonamiza ogula, monga kulemba zosonyeza kuti khofi ndi wa ku Mzuzu pomwe si wakumeneko. Zosintha chilembo chimodzi pa Adidas kapena Coca-Cola iwalani, chifukwa lamulo la 2018 limateteza zizindikiro zotchuka.

Ngati ndinu kopaletivi ya alimi a uchi, mpunga kapena khofi ndipo chimene mukufuna kuteteza ndi dzina logwiritsa ntchito mamembala onse kapena mbiri ya dera lanu, lamuloli lili ndi njira zake zapadera: chizindikiro cha gulu, ndi chitetezo cha mayina a madera kochokera katundu. Mukafike ku ofesi mutanena kale kuti ndi zimenezo mukufuna, chifukwa mapepala ake ndi ena.

Konzani mayina atatu, osati limodzi. Sitepe yotsatirayi ikhoza kukugwetserani lomwe mumalikonda kwambiri.

2. Fufuzani musanasindikize lebulo ngakhale imodzi

Pa masitepe onse, iyi ndi imene imapulumutsa ndalama zambiri, ndipo ndi imenenso anthu amaidumpha. Munthu amatenga mpamba wonse n'kusindikizira malebulo, matumba, mayunifolomu ndi chikwangwani, kenaka n'kumva kuti dzinalo lili ndi mwini wake. Zonsezo zimasanduka zinyalala.

Yambani ndi kafukufuku wosalipira. Lembani dzinalo pa Google, pa Facebook ndi pa TikTok. Yendani m'mashopu akuluakulu ndi m'mahoseli a ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, muone zimene zili pa mashelefu a katundu wofanana ndi wanu. Kenaka tsegulani Global Brand Database, nkhokwe ya zizindikiro ya WIPO, bungwe la maiko a dziko lapansi loona za umwini wa zizindikiro ndi ntchito za luso, yomwe aliyense amafufuzamo mwaulere pa intaneti, ndipo muyang'anenso pa tsamba la ARIPO, bungwe lotero la maiko a mu Africa. Musaone ngati n'zakutali. Kampani ya kunja itha kukhala ndi chitetezo ku Malawi popanda mwini wake kupondapo phazi kuno, itadzera ku ARIPO ku Harare kapena ku WIPO ku Geneva. Katundu wake mwina sanafikebe m'mashopu mwathu, koma dzina linatsekedwa kale.

Mukatero, pemphani kafukufuku wa m'mabuku a Registrar General. Amalipiritsa, koma ndi yekhayo amene angakuonetseni zizindikiro zolembetsedwa kuno komanso zimene zikudikira yankho.

Pofufuza musangoyang'ana dzina lofanana ndendende. Funso limene ofesi ndi khoti amafunsa ndi lakuti: kodi wogula wamba angasokonezeke? Ndiye ganizirani mmene ife timagulira. Pa golosale sitiwerenga, timaitanitsa pakamwa, kapena kutuma mwana. Mayina awiri osiyana pa L ndi R pokha m'khutu la Mmalawi ndi dzina limodzi. N'chimodzimodzi K ndi C, kapena F ndi PH m'mayina achizungu. Ena satchula n'komwe dzina, amangoti "ndipatseni wa chivindikiro chofiira uja" kapena "wa chithunzi cha tambala uja". Choncho litchuleni dzinalo mokweza, mulimvetsere, ndipo muyerekeze zithunzi ndi mitundu ngati munthu amene akugula mothamanga madzulo.

Mukapeza wina amene wakhala akugulitsa ndi dzinalo kwa nthawi yaitali koma sanalembetse, musathamange kukamulanda. Ali ndi poimira potsutsa pempho lanu, ndiponso si khalidwe labwino. Tengani dzina lachiwiri lija.

3. Sankhani gulu la katundu

Simulembetsa dzina pa chilichonse cha pansi pano. Mumalilembetsa pa katundu kapena ntchito zimene mwatchula, ndipo maiko ambiri a dziko lapansi amagawa zimenezi m'magulu 45 potsata ndondomeko yotchedwa Nice. Magulu 1 mpaka 34 ndi a katundu, 35 mpaka 45 ndi a ntchito zothandiza anthu.

Amene amakhudza mabizinesi athu kawirikawiri ndi awa. Sopo ndi mafuta odzola ali mu gulu 3, mankhwala mu 5, nsalu mu 24, zovala ndi nsapato mu 25. Gulu 29 ndi la nyama, nsomba, mkaka, mafuta ophikira ndi chiponde, pomwe 30 ndi la tiyi, khofi, mpunga, ufa, buledi, uchi ndi tsabola wa m'botolo. Mbewu ndi chakudya cha ziweto zili mu 31. Madzi a m'botolo, majuwisi ndi mowa wa mtundu wa biya zili mu 32, ndipo mowa wina monga vinyo ndi jini uli mu 33. Ku mbali ya ntchito, 35 ndi ya otsatsa malonda ndi mashopu, 36 ya zandalama, 39 ya mtengatenga, 41 ya maphunziro ndi zisangalalo, 43 ya malo odyera ndi ogona, 44 ya zipatala ndi masaluni.

Onani mmene zimapusitsira: chiponde ndi uchi zimakhala pa shelefu imodzi, koma zili m'magulu awiri. Amene akupanga zonse ziwiri n'kulembetsa gulu 29 lokha wasiya uchi wake pambalambanda. Malipiro amawerengedwa pa gulu lililonse, ndiye ngati thumba lili lopyapyala yambani ndi gulu la katundu amene akukudyetsani lero, ndipo mudzawonjezere lina mukapeza mphamvu. Kulemba magulu khumi a katundu amene simudzapanga n'kutaya ndalama chabe.

4. Gwirizanani za mwini wake

Pa fomu pamafunika dzina la mwini chizindikiro, ndipo amene walembedwa pamenepo ndiye mwini wake pamaso pa lamulo, kaya mpamba anapereka ndani. Ngati muli ndi kampani yolembetsedwa pansi pa Companies Act ya 2013, ganizirani bwino ngati chizindikirocho chikhale cha kampani kapena chanu ngati munthu. Chikakhala cha kampani, tsiku limene mudzagulitse kampaniyo kapena kutulukamo, dzina lidzatsala komweko. Ngati muli awiri kapena atatu, kaya ndi pachibale, kaya ndi banja, kambiranani lero mukadali pa ubale wabwino, mulembe, aliyense asaine. Kopaletivi ilembetse m'dzina la kopaletivi, osati la wapampando. Mipando imasintha.

Pali munthu winanso amene amaiwalika: mnyamata kapena mtsikana amene anakujambulirani logo pa kompyuta. Chithunzicho ndi ntchito ya luso, ndipo nkhani ya umwini wake isasiyidwe pa mawu apakamwa. Mulemberane kapepala kosonyeza kuti walandira malipiro ake ndipo wapereka umwini wonse wa chithunzicho kwa inu. Mufunseninso mosabisa ngati anachijambula yekha kapena anangochitola pa intaneti.

5. Perekani pempho

Mudzafunika fomu yopemphera, dzina ndi keyala ya mwini, chithunzi chooneka bwino cha chizindikirocho, mndandanda wa katundu ndi gulu lake, ndi malipiro. Ngati dzinalo lili m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'chinenero china chakwathu, konzekerani kufotokoza tanthauzo lake. Ngati mwatuma loya, mudzasainanso chikalata chomupatsa mphamvu yokuimirani. Mmalawi wokhala kuno atha kupereka pempho yekha, koma wa kunja amadzera mwa womuimira wa m'dziko muno.

Ambiri amafunsa ngati alembetse mawu okha kapena logo. Ndalama zikalola, zonse ziwiri, paderapadera. Zikavuta, ine ndimati mawu atsogole, malinga ngati mawuwo ndi amphamvu paokha. Logo imasintha, mitundu imasintha, koma dzina limene anthu amaitanitsa pa kauntala ndi lomwelo. Amene walembetsa mawu amatetezedwa ngakhale wokoperayo atawalemba ndi zilembo za mtundu wina.

Polemba mndandanda wa katundu, musalembe mawu otambalala ngati "zakudya". Tchulani: chiponde, mtedza wokazinga, mafuta ophikira. Musaupanikizenso kwambiri, chifukwa pempho likalowa simungawonjezeremo katundu wina popanda kuyamba pempho latsopano.

Lipirani kudzera m'njira imene ofesi yakuuzani, mulandire lisiti ya boma, ndipo musunge nambala ya pempho ndi tsiku limene lalandiridwa. Tsiku limeneli ndi chuma chanu, chifukwa anthu awiri akafuna dzina limodzi, loyang'anidwa poyamba ndi tsiku lomwe aliyense anaperekera pempho. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Madobadoba olonjeza satifiketi ya msangamsanga apeweni. Ntchitoyi ili ndi nthawi yodikira imene lamulo linaika, ndipo palibe angaidumphe popanda kukupatsani pepala labodza.

6. Dikirani, koma maso ali pa keyala yanu

Ofesi imaunika ngati mapepala ali bwino, ngati chizindikirocho chikusiyanitsadi katundu, ndiponso ngati sichikuwombana ndi cha wina. Ikhoza kuvomera, kukana, kapena kuvomera ndi mfundo zina. Kawirikawiri imapempha kuti muvomereze zoti mawu wamba a m'chizindikiro chanu, monga "chiponde" kapena "Malawi", simukuwatenga kukhala anu nokha. Zimenezo si zoopsa. Choopsa ndi kalata imene yafika ku bokosi la positi lomwe munasiya kalekale, kapena ku imelo imene simutsegula. Makalata amenewa amakhala ndi tsiku lomaliza kuyankha, ndipo mukakhala chete pempho limatengedwa ngati mwalisiya.

Chikavomerezedwa, chizindikiro chimalengezedwa poyera kuti aliyense amene ali ndi dandaulo atsutse m'nthawi yoikika. Popanda wotsutsa, mumalipira zotsala n'kulandira satifiketi. Ulendo wonse umatenga miyezi yambiri, choncho musaimitse malonda. Pitirizani kugulitsa, ndipo mutha kuika zilembo za TM pambali pa dzinalo. Koma ® ndi ya chizindikiro cholembetsedwa kale. Kuiika satifiketi isanatuluke ndi kunamiza anthu, ndipo kungakutembenukireni tsiku la mlandu.

7. Satifiketi yatuluka

Chitetezo ndi cha zaka 10, ndipo mumachiwonjezera zaka 10 zina nthawi iliyonse ikatha, popanda malire. Funsani tsiku lenileni lothera, mulilembe pamene simungaliiwale, ndipo wina wa m'banja kapena wa pa kampani alidziwenso. Gwiritsani ntchito chizindikirocho monga momwe munachilembetsera, chifukwa chikakhala zaka zingapo zotsatizana osagwira ntchito, wina atha kupempha kuti chifufutidwe. Sungani malisiti, ma invoice, zithunzi za katundu ali m'mashopu ndi zotsatsa malonda zokhala ndi madeti. Mukasintha keyala kapena dzina la kampani, mukagulitsa chizindikirocho, kapena mukaloleza wina kuchigwiritsa ntchito, kalembetseni kusinthako ku ofesi.

Loya amafunika pati?

Pempho losavuta, la dzina lopeka nokha, gulu limodzi, kafukufuku atasonyeza kuti njira ndi yoyera, munthu wodekha atha kuliyendetsa yekha. Koma pali malo anayi pamene kuumira ndalama ya loya kumadula kuposa kumulipira: kafukufuku akatulutsa dzina lofananako ndipo simukudziwa ngati n'loopsa, ofesi ikakana pempho, wina akatsutsa, ndiponso mukafuna kutuluka kunja kwa dziko. Kutsutsana kuli ngati mlandu ndithu, kumafuna umboni wolumbirira ndi mayankho a pa nthawi yake.

Si loya aliyense amene amagwira ntchito za zizindikiro. Mufunseni ngati anayendetsapo mapempho otere, ndipo mutsimikize ku Malawi Law Society kuti ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho. Pemphani mtengo wolembedwa, wosiyanitsa ndalama za boma ndi malipiro ake, wonena ngati ndi wa gulu limodzi, ndiponso ngati ukuphatikiza kulengeza ndi satifiketi kapena ukuthera pa kupereka pempho. Muone ndi maso anu kuti pa fomu palembedwa dzina lanu ngati mwini, ndipo mulandire kope ya pepala lililonse. Loya wabwino sakhumudwa ndi mafunso amenewa.

Katundu akayamba kuwoloka malire

Satifiketi ya ku Malawi imathera pa Mwanza, pa Mchinji, pa Dedza ndi pa Songwe. Kutsidya kulibe mphamvu. Njira zotetezera dzina kunja zilipo zitatu.

Yoyamba ndi kulembetsa m'dziko lililonse palokha: ku Zambia kudzera ku ofesi ya boma ya PACRA, ku South Africa kudzera ku ya CIPC, ndi kwina kotero. Yachiwiri ndi ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa lomwe likulu lake lili ku Harare. Pansi pa mgwirizano wa Banjul Protocol, womwe Malawi ali membala kuyambira 1997, pempho limodzi limatha kutchula maiko angapo monga Zimbabwe, Mozambique, Botswana ndi Namibia. Yachitatu ndi Madrid Protocol, yoyendetsedwa ndi WIPO ku Geneva, imene Malawi analowa pa 25 Disembala 2018. Imafuna kuti mukhale kale ndi pempho kapena satifiketi ya kwanu, ndipo imafika ku maiko oposa 100, kuphatikizapo Britain, China ndi United States. Dziwani kuti South Africa si membala wa ARIPO, choncho amene mumatumiza katundu ku Johannesburg musadalire njira ya ku Harare.

Pali mwayi wina umene anthu ochepa amaudziwa. Pansi pa mgwirizano wa maiko wotchedwa Paris Convention, mukapereka pempho kuno muli ndi miyezi 6 yoti mukapereke lina kunja n'kupempha kuti liwerengedwe kuyambira tsiku la pempho la ku Malawi lija. Ndipo chenjerani ndi amene amakugulitsirani katundu kunjako. Mu mgwirizano wanu mulembe momveka kuti dzinalo ndi lanu ndipo iye saloledwa kulilembetsa m'dzina lake, chifukwa akatero mudzapezeka mukupempha chilolezo kwa iye kuti mulowetse katundu wanu yemwe.

Mukapeza wina akukoperani

Boma silikuyenderani m'misika kukufufuzirani okopera. Ntchito imeneyo ndi yanu, ndipo amene amayamba kuona ndi mavenda ndi ogulitsa anu, choncho auzeni kuti azikudziwitsani.

Mukamva, musathamangire pa Facebook kukalalata, chifukwa mungamuchenjeze abise katundu, kapena akusumireni kuti mwamuipitsira mbiri. Musapitenso ndi anyamata kukalanda katundu. Yambani mwagula katundu wokopayo, mutenge lisiti ngati ilipo, mujambule pamene akugulitsidwa, mulembe tsiku ndi malo. Ogula akakudandaulirani kuti anagula feki poyesa ndi wanu, sungani mauthenga awowo, chifukwa ndi umboni wa kusokonezeka kuja.

Kenaka pitani ndi zonsezi pamodzi ndi satifiketi yanu kwa loya, alembe kalata yomuuza wokoperayo kuti asiye pofika tsiku lakuti. Nkhani zambiri zimathera pamenepa, makamaka ngati winayo sankadziwa. Akakanika, khoti lalikulu, ku nthambi yake yoona milandu ya zamalonda, litha kupereka chiletso, kulamula chipukutamisozi ndi kuchotsa katunduyo pamsika. Ngati ndi katundu wachinyengo weniweni wonamiza ogula, kadandauleninso ku Competition and Fair Trading Commission ndi ku polisi, ndipo ngati akulowa kuchokera kunja, dziwitsani a kasitomu a MRA. Chikakhala chakudya, chakumwa kapena chodzola, a MBS nawonso ayenera kumva msanga, chifukwa pamenepo pali miyoyo ya anthu.

Amene simunalembetse, lamulo silinakutayeni kotheratu. Mutha kusuma kuti wina akugulitsa katundu wake ponamizira kuti ndi wanu. Koma mudzayenera kutsimikizira khoti kuti dzinalo ndi lodziwika ngati lanu, kuti ogula akunamizidwadi, ndiponso kuti mwaluzapo, ndipo chilichonse mwa zitatuzi chimafuna mboni, mapepala ndi masiku ambiri a loya. Ngati muli m'gulu limeneli ndipo wokopera waoneka kale, sonkhanitsani malisiti ndi zithunzi zakale kwambiri zimene muli nazo, ndipo pempho lanu lilowe sabata yomweyo, iye asanakutsogolereni ku ofesi.